A Efulemu Maliro, Telala Amene Ankasaka Munthu Wachikhumi

Akulu a mpingo atatipempha kuti tilembe m'kalata ya mpingo ino za moyo wa malemu a Efulemu Maliro, tinayamba tapita kwa mayi Martina, akazi awo, kukapempha chilolezo. Mayiwo anati, "Lembani, ana anga. Koma musawayeretse kwambiri, anthu angaganize kuti mukunena munthu wina." Tayesetsa kusunga mawu amenewo.

A Maliro anabadwa mu 1919 m'mudzi wina wa kufupi ndi Nathenje, chaka chimene chimfine chachikulu chinkasesa anthu. Sabata imene anabadwa, makasu a adzukulu sanaume dothi, n'chifukwa chake mayi awo anawatcha Maliro. Dzina la Efulemu analandira pa ubatizo ali mnyamata, koma la kunyumba lija linakana kuchoka, ndipo linawavutitsa moyo wawo wonse. Tsiku lina, atakula kale, anapita kukacheza kwa mlamu wawo. Mwana wa pakhomopo anathamangira kuseri n'kukauza mayi ake kuti, "Amayi, kwabwera Maliro." Mayiwo anaponya lichero la nyemba pansi n'kuyamba kulira, ndipo anansi atatu anafika asanadziwe kuti wabwera ndi mlendo chabe wodzapempha mbewu ya mtedza.

Ali mwana ankaweta mbuzi za amalume ake, ndipo sukulu ya mishoni ya m'mudzimo anaiphunzira zaka zitatu. Kuwerenga anakugwira msanga, koma chimene aphunzitsi ankamukumbukira nacho ndi mafunso. Atamva kuti Mulungu amaona zonse, anakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chimene Mulunguyo sananenere amene anaba tonde wa amalume ake. Yankho analandira kumatako.

Mu 1938 anatsagana ndi anzake ulendo wapansi wa ku Buluwayo kukafuna ntchito. Anaipeza kwa telala wina wachizungu, nkhalamba yachifuwa imene antchito ankaitcha Lezala. Anayamba ndi kusesa ndi kusita, kenaka kusokerera mabatani, mpaka nkhalambayo inamukhazika pa makina. Mnzake wina atamuuza kuti bwana wakeyo ndi Myuda, Efulemu anaseka mpaka misozi. Iye ankadziwa kuti Ayuda ndi anthu a m'Malemba, ndipo anatha kalekale pamodzi ndi ngamila zawo. Sizinamulowe m'mutu kuti mmodzi wa iwo angakhale ku Buluwayo akutsokomola ndi kumwera tiyi m'tambula.

Mmawa wina analawirira ku ntchito n'kupeza bwana wake ataima pakona, nsalu kumutu, mkono atauzenga ndi chingwe chachikopa, akugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, milomo ikunjenjemera. Efulemu sanakayike: nkhalamba yalumidwa ndi njoka, yadzimanga mkono, ndipo ululu wafika kale kumutu. Anathamangira kumpopi n'kuikhuthulira ndowa yonse yamadzi. Lezala sanasunthe. Anamaliza pemphero lake madzi akuchucha m'ndevu, anamasula chingwe chija pang'onopang'ono, kenaka anati, "Ndiwe mwana wabwino. Mawa usachitenso."

Nkhondo ya ku Ulaya itatha, makalata anayamba kubwera kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndipo kalata iliyonse inali ndi mayina. Alongo ake a Lezala, ana awo, aphunzitsi ake, pafupifupi tauni yonse imene anabadwira, onse anaphedwa popanda mlandu wina koma kukhala Ayuda. Manda awo panalibe amene ankawadziwa. Nkhalambayo itawerenga kalata yomaliza, inagwira jekete yake pachifuwa n'kuing'amba.

Efulemu anamva chisoni kawiri, chifukwa cha anthuwo ndiponso chifukwa cha jekete, imene inali ya nsalu yabwino. Masana nkhalamba itaivula kuti isambe m'manja, iye anaitenga n'kuisoka bwinobwino moti msoko sunkaoneka. Lezala ataivala anayang'ana pachifuwa, anapumira m'mwamba, n'kuing'ambanso. Mawa lake Efulemu anaisokanso. Kachitatu nkhalambayo inamugwira dzanja singano ili m'zala.

"Leka, Efulemu. Mkatimu mwang'ambika. Jekete ikhala bwanji yabwinobwino?"

Masiku asanu ndi awiri nkhalambayo inakhala pa kabokosi kafupi, osagwira ntchito. Ayuda anzake ankabwera, kulowa osapereka moni, kukhala pansi, osayankhula mpaka wofedwayo ayambe yekha. Mmawa ndi madzulo ankaimirira kuti apemphere, koma pempherolo silinkayambika asanakwane amuna khumi. Nthawi zambiri ankakwana asanu ndi anayi, ndipo Efulemu ndiye ankatumidwa pa njinga kukatenga wachikhumi, mwini butchala wina wonenepa amene ankakhala kuseri kwa chitunda. Tsiku lachinayi, atamukoka pakaliyala mpaka miyendo kuuma, Efulemu analephera kupirira.

"Bwana, kodi ine si munthu? Ndiwerengeni ine, njinga ipume."

"Lamulo lathu silikuwerenga iwe," anayankha Lezala, "koma Wakumwambayo ali ndi kawerengedwe kake. Ima pakhomopo. Ukamva anzangawa akuti Ameni, iwenso unene."

Ameni wake anali wamphamvu moti galu wa nyumba yoyandikana anauwa.

Masiku aja atatha anafunsa tanthauzo la pempherolo. Nkhalambayo inamuuza kuti ndi pemphero la ofedwa, koma imfa satchulamo ngakhale kamodzi. Limangopempha kuti dzina la Mulungu likule m'dziko limene analenga, ndi kuti mtendere ubwere.

"Akutherani mtundu wonse Iye akuyang'ana," anatero Efulemu, "inu n'kumamukweza?"

"Kukangana naye ndimakangana naye ndekha mmawa uliwonse, ndipo amadziwa. Koma tikakwana khumi timamuuza kuti tikadalipo, ndipo tikumudikira. Mawu amenewo munthu mmodzi sangawanene, ndi olemera."

Pofotokoza nkhaniyi m'zaka za pambuyo pake, a Maliro ankati pemphero la pa chisoni lili ngati denga la nkhokwe: ngakhale ukhale wamphamvu chotani, ukafuna kulikweza umaitana anzako.

Lezala anamwalira mu 1953 n'kuwasiyira makina osokera. A Maliro anabwerera kumudzi, anakwatira mayi Martina a kufupi ndi Mitundu, n'kukhala mkamwini kumeneko. Makina aja anawaika pakhonde la sitolo ya a Mbaraka, Msilamu wogulitsa mchere, sopo ndi nsalu. Awiriwa ankatsutsana za chipembedzo tsiku lililonse kwa zaka makumi atatu, wina osagonja, ndipo tsiku limene mmodzi wadwala, mnzakeyo tiyi sankamukoma.

Mumpingo anasankhidwa kukhala mtumiki. Ndiwo ankasesa, ndiwo ankaimba belu, chitsulo cha gudumu la lole chopachika pa mtengo wa mbawa. Nsalu ya maliro a munthu wosauka ankaisoka ulere. Koma chimene chinawatchukitsa ndi china. Ankati, "Kwathu kuno kulira timadziwa. Koma tikaika, tikameta, aliyense wa kumunda kwake, wamasiye n'kutsala ndi mphasa ndi mbale za eni. Chisoni chenicheni chimabwera tsiku lachinayi, ndipo chimapeza pakhomo palibe munthu." Choncho maliro akachitika, iwo ankabwerera pakhomopo tsiku ndi tsiku mpaka sabata itakwana, ndipo sankabwera okha. Ankasonkhanitsa amuna asanu ndi anayi. Akaperewera, ankaima pamsewu n'kuimitsa aliyense wodutsa. Wogulitsa nsomba wina wa pa njinga anapezeka atapempherera maliro atatu a anthu osawadziwa, mpaka anasintha njira. Posakhalitsa dera lonse linkawatcha Myuda.

Gawo limene linkawavuta pa mwambo wawo womwe linali kukhala chete. Mayi Martina amati Mulungu anapatsa amuna awo pakamwa pa anthu atatu. Tsiku lina anapita kwa agogo ena ogontha amene anataya akazi awo. Analowa osapereka moni n'kukhala pansi, kudikira kuti agogowo ayambe. Agogowo nawo, monga mwa ulemu, ankadikira kuti alendo anene chimene adzera. Dzuwa linakwera mpaka paliwombo. A Maliro thukuta linkatsika, mawu atadzaza m'masaya. Potsiriza agogo aja anakuwa, "Kodi anthu inu mwadzatani?" A Maliro anadzuka n'kunena, "Ambuye alemekezeke, ayankhula!" ndipo sanatsekenso pakamwa mpaka madzulo.

Si onse amene zinkawasangalatsa. Mu 1968 a Esau, mkulu wa mpingo wodziwika ndi kusaseka, anakawasumira ku bwalo la akulu kuti akulowetsa chipembedzo chachilendo.

"Munthu uyu ndi Mkhristu kapena Myuda? Atiuze lero," anatero a Esau.

"Ndine Mkhristu, a Esau, ndipo munalipo pamene ana anga ankabatizidwa. Koma tandikumbutsani. Munthu uja wa m'Malemba amene anataya ana ake onse ndi ziweto tsiku limodzi, anzake atabwera kudzamupepesa anachita chiyani?"

"Anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osayankhula."

"Ndipo zinthu zinaipa liti?"

A Esau anaganiza pang'ono, n'kuyankha monyinyirika, "Atatsegula pakamwa."

"Basi, abusa, mboni yanga ndi a Esau omwewa."

Abusa anatulutsa kampango n'kuyamba kutsokomola kwa nthawi yaitali. Bwalo linagamula kuti a Maliro apitirize kuyendera ofedwa, koma asang'ambitse munthu malaya, ndipo asiye kugwedezeka popemphera. A Maliro anavomera zoyambazo, koma za kugwedezeka anati ndi nyamakazi, ndipo bwalo lilibe ulamuliro pa nyamakazi.

Mayeso awo aakulu anabwera m'mwezi wa Febuluwale mu 1976. Anthu a m'midzi itatu anakwera lole kupita ku chinkhoswe ku Nathenje. Pobwerera masana anapeza mtsinje wina utadzaza, ndipo mlatho wa mitengo unathyoka lole ili pakati. Anthu khumi ndi atatu anamira. Mwa iwo munali Rozina, mwana woyamba wa a Maliro, amene anasiya kamwana ka zaka ziwiri, Masozi, m'manja mwa agogo ake. Munalinso Sele, mwana wa a Mbaraka, ndi mayi Esitere, akazi a a Esau.

Maliro anaikidwa masiku awiri, ena ku manda a Akhristu, ena mwa Chisilamu, ena ndi gule. Kenaka midzi inangoti zii. Panalibe woti apepese mnzake, popeza aliyense anali wofedwa kapena m'bale wa wofedwa. Fodya anali atapsa m'minda, masamba akugwa n'kumaola, wothyola palibe. Lamulungu belu silinalire, chifukwa woimba belu anali pansi m'nyumba mwake, malaya atawang'amba pachifuwa. Mayi Martina anatenga singano, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'kachitini. Munthu amene ankayankhula ngati anthu atatu anakhala masiku atatu osayankhula ndi munthu. Mawu okha amene mayiwo anamva ndi awa: "Ambuye, ndakuyankhulirani kwa anthu zaka makumi awiri. Lero dziyankhulireni nokha."

Tsiku lachinayi mmawa, a Mbaraka analowa m'nyumbamo osaodira. Anavula nsapato n'kukhala pansi pafupi ndi mnzawo, osapereka moni. Anakhala choncho mpaka dzuwa litatentha. Potsiriza a Maliro anatembenuka.

"A Mbaraka, zimenezi mwaphunzira kuti?"

"Kwa telala wina wolongolola amene amanditsekera khonde."

A Maliro anapukuta kumaso ndi malaya ong'ambikawo. "Ndiye kuti tilipo awiri."

"Atatu," anatero mayi Martina ali pakhomo, Masozi ali kumsana. "Kapena lamulo la bwana wanu uja siliwerenga amene anabereka mwanayo?"

A Maliro anali asanawerengepo mkazi chiyambire. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana a Mbaraka, n'kunena, "Lero tiwerenga aliyense amene akupuma. Ngati talakwa, ndikafotokoza ndekha ndikakafika kumwambako."

Anayenda khomo ndi khomo. Ambiri anakana. Ena sanatsegule n'komwe. Anapeza a Esau atakhala kuseri kwa chigafa, ndipo mkuluyo anati, "Pitani, a Maliro. Ndilibe mawu oti ndimuuze Mulungu, ndipo amene ndili nawowo mkulu wa mpingo sanganene."

"Sitikufuna mawu anu. Tikufuna thupi lanulo, tikwane."

A Esau anadzuka n'kuwatsatira ngati munthu wogona. Anabweranso mayi Alima, akazi a a Mbaraka, ndi mayi Nabanda ophika kachasu amene anataya mwana wawo Isake, ndi bambo wina wa gule amene anali asanapondepo pabwalo la tchalitchi, ndi ena awiri. Atasonkhana pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa a Maliro, anawerengana n'kupeza kuti alipo asanu ndi anayi. Wina anayesa kuwerenga Masozi, koma a Maliro anati munthu wosatha kunena Ameni sangakweze denga. Anakhala pansi kudikira.

Achinyamata a lero mwina sangamvetse kuopsa kwa zimene ankachitazo. Masiku amenewo msonkhano wopanda chilolezo cha chipani unkatha kumutengera munthu kumalo kosabwerako msanga, ndipo panali pasanapite nthawi anthu a mpingo wina atathamangitsidwa m'midzi chifukwa chokana kugula khadi ya chipani. Wina anali atakanena kale kwa tcheyamani wa nthambi, a Chimphepo, kuti telala akuyenda m'makomo kuwerenga anthu ndi kuwakokera ku mapemphero achilendo. A Chimphepo anatulukira pa njinga, chipewa kumutu, kope m'khwapa, ndipo onse pansi pa mango paja anazizidwa.

"Msonkhano uwu wavomereza ndani?"

A Maliro anadumpha ngati mnyamata. "Khumi! Mulungu ndi wabwino, watitumizira wachikhumi pa njinga yake yomwe! Vulani chipewa, a tcheyamani, muime apa pakati pa a Esau ndi a Mbaraka."

"A Maliro, musandiyese mnzanu. Ine ndabwera kudzakutengani."

"Mutitenga, palibe akuthawa. Tithawa ndi miyendo yake iti? Koma munthu satengedwa pemphero lili pakamwa."

"Makadi muli nawo?"

Aliyense anatulutsa yake. Mayi Nabanda anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa awiri.

"Iyi ndi yanga. Iyi ndi ya Isake wanga, tinaipeza m'thumba la malaya ake. Inanyowa, koma ikuwerengeka. Ionenso, bambo, musadzati analibe."

A Chimphepo analandira kapepala kofufumako, anakayang'ana, ndipo sanapeze choti alembe. Pamene ankafunafuna mawu, a Maliro anali atawavula kale chipewa n'kuwaimika pamzere.

"Ntchito yanu ndi imodzi. Ndikamaliza, munene Ameni."

Kenaka anayamba, akugwedezeka ndi nyamakazi yawo ija: "Mulungu, dzina lanu likule m'dziko lino munalenga nokha, ngakhale m'midzi ino imene yachepa. Sitikumvetsa, ndipo sitikunamizani kuti tikumvetsa. Ena mwa ife takwiya nanu. Koma tabwera kudzakuuzani kuti tikadalipo, ndipo tikukudikirani. Mtendere umene muli nawo wambiri kumwambako, tipatseniko pang'ono kuno ku Mitundu ndi ku Nathenje." Atatero anatchula mayina onse khumi ndi atatu, limodzilimodzi, osasiyanitsa wa ku tchalitchi, wa ku mzikiti kapena wa ku dambwe. Pa dzina la Rozina mawu anawathera, ndipo a Mbaraka ndiwo analitchula.

Atamaliza, onse anatembenukira kwa a Chimphepo. Bambowo misozi inali itadzaza m'maso, mutu utasokonezeka, ndipo pakamwa panatulutsa mawu amene panazolowera pa misonkhano. Anakweza dzanja n'kukuwa, "Kwacha!"

Kenaka kunamveka phokoso lachilendo ngati chitseko chadzimbiri. Anali a Esau akuseka. Anaseka mpaka kugwira pamimba, ndipo kusekako kunasanduka kulira, kulira kumene anakana kulira pa manda a akazi awo. Onse anatsatira, wina kuseka, wina kulira, wina zonse pamodzi. A Chimphepo anafuna kuti nthaka iwameze, koma a Maliro anawagwira paphewa.

"Sikunache, a tcheyamani. Koma kucha ndithu. Mulungu wamva."

Vuto linatsala la kope. A Chimphepo anayenera kukanena kwa akuluakulu awo chimene apeza, ndipo atakanda mutu analemba kuti unali msonkhano wa chitukuko, wokambirana za kuthyola fodya. A Esau, misozi isanaume, anati iwo sangalole bodza kulembedwa iwo ali pomwepo. Njira yokha yokonzera inali yoti bodzalo lisanduke zoona. Mawa lake anthu khumi aja, atapemphera, analowa m'munda wa a Esau n'kuyamba kuthyola, a tcheyamani ali patsogolo. Tsiku linalo anapita kwa mayi Nabanda. Amene anatseka zitseko aja anayamba kutuluka mmodzimmodzi, ndipo pofika kumapeto kwa sabata anali anthu opitirira makumi anayi. A Maliro ankakhala m'chigafa kusoka fodya, n'kumadandaula kuti telala wophunzira ku Buluwayo wafika posoka masamba. Lamulungu lotsatira belu linalira.

Chisoni chawo sichinathe, ndipo sankabisa. Malaya ong'ambika aja anawavala masiku makumi atatu, bwalo la akulu osanena kanthu. Munthu akawauza kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu, ankayankha kuti, "Mwina. Koma zimenezo muzinena pa maliro a kwanu, osati a kwa mnzanu." Masozi anamulera okha ndi mayi Martina, ndipo yunifolomu yake ya sukulu inali yosokedwa bwino kuposa ya mwana aliyense ku Mitundu.

Ukalamba unayambira m'maso. Iwo anakana kuvomera mpaka tsiku limene abusa anabweza buluku limene anapereka kuti lipindidwe, miyendo yonse iwiri itatsekedwa kumunsi ngati matumba a mtedza. A Maliro analipapasa n'kunena kuti ndi labwino m'nyengo yozizira, koma kuyambira pamenepo mayi Martina ndiwo ankagwira nsalu, iwo n'kumangopalasa makina ndi kupereka malangizo osafunsidwa. Mu 1987 a Mbaraka anamwalira. A Maliro anatsogoleredwa ndi ndodo mpaka ku mzikiti, anaima panja mpaka mapemphero atatha, ndipo pobwerera anati, "Wapita asanagonje. Akandidikire, nkhani ija sitinamalize." Kuyendera ofedwa sanasiye. Koma tsopano sankaimitsanso anthu pamsewu, chifukwa ankapeza ena atafika kale.

Mu Ogasiti 1992 Masozi anapeza banja, ndipo ukwati unakonzedwa Loweruka lina. Sabata yomweyo a Maliro anagona, chifuwa chitawagwira, ndipo aliyense ankaona kuti sadzukanso. Achibale anabwera kudzanena kuti ukwati uimitsidwe.

"Muimitse chifukwa cha yani?" anafunsa ndi mawu otsika. "Bwana wanga ankati kwawo ukwati ndi maliro zikakumana panjira, maliro ndiwo amapatuka. Ine ndine Maliro, ndikudziwa malo anga. Mbuzi zagulidwa kale. Nachisale mkazi wanga, wamva? Chilichonse chichitike, mwana avine."

"Ndamva, bambo a Rozina," anatero mayi Martina.

Loweruka anapempha kuti awatulutse. Anawakhazika pa mpando wa ndalema pakhonde, bulangete m'miyendo, mayi Martina ali pambali. Akwati atabwera kuchokera ku tchalitchi anagwada patsogolo pawo. A Maliro anapapasa diresi la Masozi n'kuvomereza msoko wake. Anapapasanso jekete ya mkwati n'kufunsa kuti telala wake ndani, kuti akamupempherere. Analawa kachiwindi ka mbuzi, anamwa thobwa pang'ono, n'kunena kuti ng'oma zikumveka bwino. Dzuwa litapendeka, anthu ali pakati pa kufupa ndi kuvina, anatsamira mutu paphewa la akazi awo n'kupuma komaliza, mwakachetechete ngati mwana wokhuta.

Mayi Martina anadziwa nthawi yomweyo. Anawatseka maso, anakweza bulangete mpaka pachifuwa, n'kukhala momwemo. Odutsa akafuna kupereka moni, ankati, "Asiyeni, atopa." Maola atatu anakhala choncho, phewa litachita dzanzi, nthungululu zikumveka pabwalo. Akwati atabwera kudzatsanzika anawauza kuti, "Agogo anu agona. Akudalitsani kale, pitani bwino." Anadikira mpaka ngolo ya akwati itazimiririka kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Pamenepo anaitana a Esau, amene tsopano ankayenda ndi ndodo ziwiri, n'kuwauza kuti atumize munthu akaimbe belu. Atatero anamasula mpango kumutu n'kuyamba kulira.

Titawafunsa kuti anapirira bwanji maola onse aja, mayiwo anati, "Sikunali kovuta. Ndinali ndi zambiri zoti ndiwauze, ndipo anamvetsera zonse."

A Efulemu Maliro sanalalikirepo pa guwa, ndipo sanasiye chuma choposa makina akale ndi njinga yopanda mabuleki. Koma m'midzi ya pakati pa Mitundu ndi Nathenje, maliro akatha, wofedwa sasiyidwa yekha ndi mphasa, ndipo ambiri amene amabwerera pakhomopo sadziwa kuti mwambowu unachokera kwa nkhalamba ya mtundu wina imene inalira abale opanda manda. Mulungu wa mtendere ampumitse mtumiki wakeyu, ndipo ife otsala atipatse miyendo yobwerera pakhomo la mnzathu anthu onse atabalalika.